Lole Yokana Kuima

Lamulungu, 14 Sepitembala 1947

Lole yafika. Taikoka ndi chingwe kuchokera kumalo ogulitsa zitsulo zakutha, kuseri kwa njanji, mpaka kuno ku lokeshoni ya Makokoba. Hamidi, mnzanga wa kuntchito, anali kutsogolo ndi galimoto yobwereka, ine m'mbuyo pa chiwongolero, dzanja pa buleki ya m'manja, pemphero pakamwa. Pa kona ya holo ya mowa ndamugunda kumbuyo kawiri. Anthu aseka mpaka kugwira nthiti.

Dodge ya 1938. Injini yabwino, ndinaimvetsera ndekha ndisanalipire. Matayala oti n'kuyenda, limodzi lokha lomvetsa chisoni. Koma mabuleki palibe. Ukaponda, phazi limangopita mpaka pansi osakumana ndi kanthu.

Amalume a Lemson anaumirira kuti tiwatulutse aione. Tawanyamula ndi mpando womwe. Ayang'ana nthawi yaitali, kenaka akuti: "Mphwanga, ichi ndiye chondipititsa kwathu, kapena chondipititsa kumwamba?" Mkamwa mwawo simudwala ayi.

Miyendo yatupa mpaka m'mawondo. Dokotala wa ku kiliniki akuti ndi mtima, ndipo sanawonjezere mawu ena. Pa sitima sangathe, masiku onse aja atakhala pa benchi. Afunika kugona chogona. N'chifukwa chake lole.

Ndinawalonjeza mwezi watha. Anandigwira dzanja n'kunena kuti: "Undifikitse ku Ntcheu ndikadapenya. Manda a kuno ndi a manambala." Munthu amene anandilandira nditafika wapansi mu 1931, mapazi ali magazi okhaokha, n'kundipezera ntchito ndi chitupa, ndikanamuyankha chiyani? Abwana andipatsa tchuthi kuyambira pa 1 Novembala. Tiyenera kuwoloka Zambezi ku Tete mvula isanagwe, apo ayi msewu watsekeka mpaka chaka chamawa.

Nthawi ilipo yambiri. Mabuleki ndi ntchito ya Loweruka limodzi.

Lachitatu, 17 Sepitembala

Pa nkhomaliro ndinapita kwa a Ncube, makanika wa pa galaja ya m'tauni. Mndebele wosachedwa kuseka Mnyasa, koma ntchito amaidziwa. Andijambulira pa fumbi. Pansi pa chopondera pali kampope kachitsulo, akuti masita. Kamakankha mafuta m'mapaipi kupita ku mawilo onse anayi. M'kati mwake ndi m'mawilo muli timalabala, ndiye togwira mafutawo. Tikatha, kapena mukalowa mpweya, mabuleki apita.

Ndagula timalabala tatsopano ndi chitini chimodzi cha mafuta a mabuleki. Akusowa chithere nkhondo, ndipo mtengo wake ndamubisira mkazi wanga Dorah.

Kunyumba nditatsegula chitini kuti ndione, amalume anakweza mutu pa pilo. "Tabweretsa kuno." Anunkhiza, anunkhizanso. "Iyi ndi nsatsi." Ndawauza kuti a Ncube anenanso zomwezo, mafuta a nsatsi osakaniza ndi sipiriti. Kenaka akuti agogo ankakazinga nsatsi m'phale, kusinja, kuwiritsa, n'kuwadzoza ana madzulo. "Azungu atibera mpaka mafuta odzola n'kumwetsa galimoto."

Ndalankhula mokweza kuti nyumba yonse imve: chitini ichi asachikhudze munthu. Ndachiika pa alumali, pamwamba pa makina osokera a Dorah, poti mwana wathu Erica safikirapo.

Loweruka, 20 Sepitembala

Tsiku lonse pansi pa lole. Timalabala takale tinali touma, tongophwanyika m'manja. Ndatsuka zonse ndi sipiriti monga anandiuzira, ndaika tatsopano. Kenaka kuchotsa mpweya: Hamidi pampando kupopa chopondera, ine pansi ndi sipanala, kutsegula kabowo pa wilo lililonse. "Popa! Gwira! Siya!" mpaka mawu kusasa. Hamidi amasiya ndikati gwira, amagwira ndikati siya. Mafuta andithira m'diso. Ndamutukwana, wanditukwana, tapitiriza.

Dzuwa likupendeka chopondera chinali gwa. Tayesa pa kamsewu kotsetsereka kopita ku mtsinje wa Mazai. Yaima. Ndabwereza. Yaimanso. Mtima wanga mbee, ndagulira amalume fodya amene dokotala anawaletsa.

Lamulungu, 28 Sepitembala

Sindikumvetsa.

Lachinayi ndinaona kuti mafuta atsikako pang'ono mu masita, poti tinataya ambiri pochotsa mpweya. Ndinawonjezera, ndinachotsanso mpweya kumawilo akumbuyo. Basi. Palibe china chomwe ndinakhudza.

Lero titabwera ku tchalitchi ndati ndiyendetseko. Poyamba bwinobwino. Kenaka lole kuyamba kulemera, injini kubuula ngati tikukwera phiri pomwe pali pa see. Ndaima, ndagwira wilo lakutsogolo, ndapsa chala. Mabuleki adzigwira okha. Masabata awiri apitawo inkakana kuima, lero ikukana kuyenda.

Tadikira kuti izizire. Itazizira yamasuka yokha. Ndaponda, phazi likutsika pang'onopang'ono mpaka pansi. Ndiye vuto ndi liti, kugwira kapena kusagwira? Zonse ziwiri tsiku limodzi?

Ndakwawa pansi kufuna podontha. Pouma ponseponse.

Lachinayi, 2 Okutobala

Ndamasula masita n'kupita nayo kwa a Ncube m'thumba la shuga. Atulutsa kalabala, kaja katsopano. Katupa, kafewa, sikakulowanso pamalo pake. Akukatembenuza ndi chala: "Yini lokhu, wena Nyasa? N'chiyani chimenechi? Watsukira parafini?" Ndakana. "Petulo?" Ndakana. "Wathiramo oyilo wa injini?" Apa ndapsa mtima. Zaka khumi ndikuyendetsa galimoto ya buledi, ndingalephere kusiyanitsa oyilo ndi mafuta a mabuleki?

Akuti labala imatupa chonchi ikakumana ndi mafuta a mtundu wa oyilo, ngakhale dontho. Ikatupa imatseka kabowo kobwezera mafuta, mabuleki n'kugwira okha. Ikafewa imalephera kukankha. Zamveka. Koma oyiloyo walowa bwanji? Akuti mwina eni ake akale anathiramo, wabisala m'mapaipi. Kapena timalabala tinali takale, togona m'sitolo nkhondo yonse. Kapena ndikunama. Kachitatuka ndiye anakanena akuseka.

Ndagulanso timalabala, sitolo ina. Thumba layamba kupepuka ndipo petulo wa ulendo sindinagule.

Lamulungu, 5 Okutobala

Sindinapite ku tchalitchi. Dorah sanakondwe.

Tapopa sipiriti m'mapaipi onse mpaka kutuluka yoyera. Timalabala tatsopano paliponse. Mafuta, kuchotsa mpweya, kutukwanana. Gwa. Yaima bwino ku Mazai.

Mwayi umodzi: chitini chija sichikutha msanga. Ndimayesa chatsika kwambiri, koma ndikanyamula chikadalemera.

Amalume akuti miyendo yapepukako masiku ano. Ine ndikuiona chimodzimodzi, koma nkhope yawala. Ayamba kulongedza m'bokosi lawo lachitsulo. Jekete, chipewa, mpeni waukulu wa ku khitchini ya hotela kumene anaphika zaka zonse zija, ndi nsalu yomwe agulira amayi anga. Chichokere ku Ntcheu mu 1913 sanaonane ndi mlongo wawoyo. Andifunsa ngati adzawazindikira. Ndati mkamwa mokhamo adzawazindikira.

Chipinda chonse fungo la mafuta a mabuleki. Ovololo yangayi iyenera kumagona panja.

Loweruka, 11 Okutobala

Zabwereranso. Chimodzimodzi. Kugwira yokha, kenaka phazi pansi.

Ndakhala pa sitepe ya lole manja ali lende. Mutu waima. Ndabwereza m'maganizo chilichonse chomwe ndinachita, palibe pomwe ndikupeza cholakwa.

Hamidi ali ndi yankho lake. Wafufuza, akuti loleyi inagubuduka ku msewu wa ku migodi ndipo munafa munthu. "Achimwene, galimoto yodya munthu siimitsidwa ndi sipanala." Akudziwa mkulu wina ku Luveve wotsirika magalimoto. Ndamuuza kuti mzimu sutupitsa labala. Akuti: "Nanga chikutupitsa n'chiyani?" Funsolo landipweteka.

Anthu awiri a kwathu omwe amati akwera nafe ndi katundu wawo n'kuthandiza petulo abwera kudzaona. Apeza mawilo ali pansi, lole ili pa njerwa. Apereka moni wautali, achoka. Ndikudziwa kuti akagula matikiti a sitima.

Lachitatu, 15 Okutobala

A Ncube atsika okha ku Makokoba ataweruka. Sanandiseke. Ayang'ana masita, mapaipi, ngakhale nsanza zomwe ndimapukutira. Anunkhiza chitini. Sipiriti yokhayokha m'mphuno, akuti sangadziwe. "Taya, baba. Gula china chosatsegula. Mwina anakugulitsa chosakaniza."

Kutaya mafuta amene ndinawavutikira chonchija! Koma ndataya. Dorah anaima pakhomo akundiona ndikukhuthula m'ngalande. Anati alankhule, sanalankhule. Mwina akuwerengera ndalama mumtima, ndipo sindingamunene.

Chitini chatsopano ndachitsegula ndekha, chidindo chili chosaphwanya. Ndalama yake ndi ija ya nsapato za Erica.

Lamulungu, 19 Okutobala

Kachitatu. Timalabala, sipiriti, mafuta atsopano. Pano ndi Hamidi sitikutukwananso, tazolowerana, ntchito ikungoyenda mwa chete.

Gwa. Ndazungulira lokeshoni yonse, ndatsika ku Mazai, ndakwera, ndagwira mawilo. Ozizira. Ndiye anali mafuta aja. Wa sitolo uja ndikanakhala ndi nthawi ndikanamupitira.

Kukutentha koopsa. Madzulo mitambo imasonkhana chakumpoto n'kubalalika. Amalume amapempha kuti chitseko chikhale chotsegula, aziiona.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Sabata yonse mabuleki bwinobwino. Mapepala a msewu atuluka. Petulo ndagula, migolo iwiri. Dorah wasoka matiresi oti amalume agonepo kumbuyo, ndi tenti yotchinga dzuwa. Tinyamuka Loweruka m'mamawa.

Lamulungu paipi imodzi yakumbuyo inkanyowa polumikizira. Ndamanga, ndawonjezera mafuta, ndachotsa mpweya mawilo onse kuti ndikhale wotsimikiza. Kanthu kakang'ono.

Amalume ametetsa tsitsi. Akuti sangafike kwawo ngati munthu wothawa kundende.

Loweruka, 1 Novembala

Sitinapite.

Katundu yense atakwera, amalume titawagoneka pa matiresi, anansi atatsanzika, tinafika pa mphambano yotulukira m'lokeshoni. Kutsogolo ngolo ya abulu. Ndinaponda. Phazi mpaka pansi. Ndinapopa, ndinakoka buleki ya m'manja, ndinakhotera m'ngalande. Erica anagunda mutu pa chitseko, Dorah anagwira amalume kuti asagubuduke. Palibe wavulala kwenikweni. Mwini ngolo watitukwana m'Chindebele, Chilapalapa ndi Chingerezi.

Zikanachitika pa zitunda za kuseri kwa Mtoko bwenzi tonse tili m'phompho.

Tawanyamula amalume kubwerera m'nyumba, anthu omwe aja anatitsanzika akuonerera. Titawagoneka akuti: "Ulendo wabwino, mphwanga. Ku Ntcheu kwasintha, kwafanana ndi ku Makokoba." Ndinatuluka. Ndinalira kuseri kwa lole, ine bambo wa mwana.

Ndamasula masita. Kalabala katupa.

Mafuta atsopano. Timalabala tatsopano. Mapaipi otsuka. Nanga n'chiyani? Kodi ndine wamisala? Kodi pali wina amabwera kudzathiramo zinthu? Ndani, ndipo tinamulakwira chiyani?

Lachitatu, 5 Novembala

Ndavomera za Hamidi. Mkulu wa ku Luveve wabwera pa njinga, wazungulira lole, wawaza madzi ndi mchira, wamanga kachikwama pansi pa mpando. Watenga nkhuku. Ine wa Mpingo, wobatizidwa, ndinaima pomwepo chipewa m'manja. Abusa akamva sindikudziwa.

Atachoka ndinaponda chopondera. Pansi. Hamidi akuti mankhwala amatenga masiku.

A Ncube akuti atha nzeru. Sindinawamvepo akunena mawu amenewo. Ndayamba kugona ndi chivundikiro cha masita chomangidwa waya, ndi ufa wowaza pansi kuti ndione mapazi. M'mawa mapazi a nkhuku okhaokha.

Tchuthi chikutha ndili pansi pa lole. Dorah wachepetsa zolankhula, akungosoka. Amalume kupuma kwavuta, akugona chokhala.

Lamulungu, 9 Novembala

Izi ndiyenera kuzilemba.

Masana Dorah anapita kumpopi. Amalume anandiitana. Akuti sakuthanso kuwerama, mimba yatupa, manja sakufika ku mapazi. "Tandipaka miyendoyi, mphwanga. Kabotolo kali kunsi kwa pilo."

Kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Ndinatsegula, ndinathira m'dzanja. Fungo lija. Miyezi iwiri ndakhala ndikunamizira ovololo yanga.

Ndinafunsa kuti awatenga kuti. "M'chitini chako. Nsatsi ndi nsatsi. Ya ku kemisi, kogula mankhwala, ndinayesa, ilibe mphamvu. Iyi imaziziritsa." Chiyambire tsiku lija ananunkhiza, akhala akudzipaka m'mawa ndi madzulo ine ndili kuntchito.

Ndinati sizingatheke, chitini sichinatsikepo. Apo n'kuti Dorah atafika, ndowa ili pamutu. Anaitula, anagwada pakhomo. "Ndimabwezeramo, bambo a Erica. Sindinachepetse ngakhale dontho."

Ndinafunsa kuti amabwezeramo chiyani.

Mafuta a makina osokera. Oyera, osanunkha, ogula ndi ndalama yake ya zosoka. Akathira m'kabotolo ka amalume, amayeza omwewo n'kubwezera m'chitini, kuti mafuta asadzatithere panjira. M'chitini choyamba, m'chachiwiri momwe. Akuti anasankha abwino kuposa onse omwe amawadziwa, oti sawononga ngakhale makina a nsalu. Tsiku lomwe ndinkakhuthula chitini m'ngalande anafuna kunena, koma anamva a Ncube akuti wolakwa ndi wa sitolo, ndiye mtima unakhala pansi.

Ndinakalipa. Anansi anamva. Ndinati ndinanena kuti asakhudze munthu. Ndinati timalabala tonse tija, nkhuku ija, nsapato za mwana. Kenaka ndinanena mawu oipa. Ndinati amalume akafera kuno, wawapha ndi iyeyo.

Sanalire. Anangoyang'ana pansi. "Atate atandituma ndikanakana bwanji? Inu munali mutaletsa, iwo anali akumva kuwawa."

Amalume anamenya bedi ndi dzanja. "Wotuma ndine. Wouza Nambewe, mkazi wakoyu, kuti asakuuze ndine. Ukafuna wokalipira, ndili pano, sindingathawe." Kupuma kunawathera, anatsokomola nthawi yaitali.

Mafuta anali akadali m'dzanja langa. Ndinagwada, ndinawapaka miyendo. Khungu lowala, lozizira, ukadina chala chibowo chimatsala. Anatseka maso. Dorah anatenga ndowa yake n'kulowa nayo.

Lolemba, 10 Novembala

Ndikuyenera kukondwa kuti ndadziwa. Sindikukondwa. Ndikanakonda akanakhala mfiti, kapena wa sitolo, munthu woti ndimude. Tsopano ndide ndani? Wodwala wofuna kuziziritsa miyendo? Mkazi wogula mafuta ndi ndalama yake kuti ulendo usalephereke? Kapena amene anabangula kuti asakhudze munthu osanena chifukwa? Ndikanangoti muno musalowe mafuta ena alionse, zikanathera pomwepo. Koma inenso tsiku limenelo sindinkadziwa.

Ndapepesa kwa Dorah. Wati wamva. Chakudya wandiikira, koma sanakhale pafupi.

A Ncube nditawauza anayamba kuseka, kenaka anaona nkhope yanga, analeka. Akuti pano si timalabala tokha. Mapaipi a labala opita ku mawilo nawonso amwa oyilo nthawi yonseyi, afufuma m'kati, angaphulike pa chitunda. Onse achotsedwe. M'tauni muno mulibe a Dodge yakale chonchi. Aitanitsa ku Joni, abwera pa sitima. Liti? "Angazi, baba." Sakudziwa.

Chitini chachiwiri chija ndachipereka kwa amalume chonse. Adzipake mpaka atope.

Lachisanu, 21 Novembala

Ndabwerera kuntchito Lolemba. Abwana afunsa kuti kwathu kuli bwanji. Ndati kuli bwino.

Mvula yagwa dzulo. Yoyamba yeniyeni, ya mabingu, ngalande zonse kusefukira. Ana a m'lokeshoni kuvina m'matope. Ine ndinaima pakhomo ngati wolandira uthenga wa maliro.

Mapaipi sanafike.

Amalume mutu wayamba kusokonekera. Nthawi zina amalankhula ndi anthu a ku hotela, kuwakalipira kuti supu yapserera. Ayamba kumuitana Dorah dzina la amayi anga, Winifred. Poyamba Dorah ankawakonza. Tsopano amangoyankha kuti "Wawa, achimwene." Ndiye akuwapaka miyendo masiku ano, zaulemu wa chipongozi zatha, palibenso wozilabadira.

Lachinayi, 27 Novembala

Mapaipi afika.

Tsiku lomwelo Hamidi wakumana ndi dalaivala wina wochokera ku Salisbury. Akuti kupitirira Mtoko msewu wadukaduka, mitsinje yadzaza, malole aima m'matope, ena abwerera. Asanafike mwezi wa Epulo palibe wowoloka.

Ndalandira phukusi la mapaipi, ndasaina, ndalipira. Ndaliika pa alumali. Ndaliyang'ana.

Loweruka, 29 Novembala

Mapaipi aja ndawaikabe. Sindikudziwa chifukwa chake. Hamidi anabwera osaitanidwa, anakhala pampando, anapopa. Mafuta atsopano, chitini chokhoma m'bokosi la zitsulo, ngakhale palibenso woti achikhudze.

Gwa. Kuposa kale lonse.

Lamulungu, 7 Disembala

M'mawa ndinawapeza atakhala tsonga, jekete atavala mkono umodzi, akufuna chipewa. Maso owala. "Tachedwa, mphwanga. Lero ndiye lero." Ndinayamba kufotokoza za mitsinje. Sanandimve n'komwe. Ankafunsa ngati nsalu ya Winifred yalowa m'bokosi.

Ndinayang'ana Dorah. Kwa nthawi yoyamba chichokere tsiku lija anandiyang'ana m'maso. "Akwezeni, bambo a Erica."

Tinawakhazika kutsogolo, pakati pa ine ndi Dorah, mapilo kumbuyo, mutu pa phewa lake. Hamidi ndi Erica kumbuyo ndi bokosi. Ndinati tingowayendetsako pang'ono apume mphepo, akatopa tibwerere. Tinadutsa m'tauni, tinalowa msewu wa ku Salisbury. Kunja kwasanduka kobiriwira, nthaka yonyowa, anthu m'minda ndi makasu ngakhale lili Lamulungu. Amalume ankagona n'kudzuka. Anafunsa ngati tawoloka Zambezi. Ndisanatsegule pakamwa Dorah anati: "Tawoloka muli m'tulo."

Titayandikira Ntabazinduna anadzuka zenizeni. Anaona phiri la kumeneko, ndi nyumba zaudzu m'munsi mwake, ndi utsi. Anandigwira bondo mwamphamvu yomwe sindinkadziwa kuti akadali nayo. "Ima, mphwanga. Ukupitirira. Tafika."

Ndinaponda. Inaima. Mowongoka, mosakoka mbali, mosalira.

Tinawatsitsa, tinawakhazika pa matiresi pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Anapempha kuti tiwavule nsapato. Mapazi otupa aja pa dothi lonyowa. Mayi wina Mndebele anachoka m'munda mwake ndi khasu kudzaona, anapereka moni m'chinenero chake. Amalume anamuyankha m'Chinyanja, kumufunsa kuti ndi mwana wa yani. Mayiyo anayang'ana ife, anayang'ana miyendo ija, anazindikira. Anagwada, anawomba m'manja. Kenaka anapita n'kubwera ndi chikho cha madzi.

Dorah anazungulira kuseri kwa lole, anafunda nsalu kumutu, anabwera chakutsogolo ngati wochokera m'mudzi. Anagwada patali pang'ono. "Mwabwera, achimwene?"

"Ndabwera, Winifred. Ndachedwa."

"Mwafika basi. Takulandirani."

Anauza Hamidi kuti atsegule bokosi. Anapereka nsalu ija ndi manja awiri, Dorah analandira ndi manja awiri. Anayamba kufunsa za anthu, mayina amene ine sindinawamvepo. Dorah ankayankha mmodzimmodzi, uyu alipo, uyu anatisiya, uyu ali ndi zidzukulu. Amalume ankagwedeza mutu. Ine ndinapita kukagwira mawilo ngati atentha, poti nkhope yanga sikanatha kukhala pamenepo.

Pobwerera anagona njira yonse. Adzuka m'chipinda chomwechi dzuwa likulowa, ayang'ana kudenga, akuti Winifred wamanga nyumba yabwino, ya malata. Adya phala pang'ono, koyamba chiyambire Lachinayi.

Kodi ndasunga lonjezo kapena ndawabera? Ndafunsa Dorah. Akupinda nsalu ija, akuti tidzaitumiza kwa eni ake mitsinje ikaphwa.

Posachedwapa andiitana. Mawu apansipansi, ndinachita kuwerama. Akuti ndawagwirira ntchito, ndine mwana. Kenaka akuti mawa ndikalankhule ndi akuluakulu a mudzi, awasungire malo pafupi ndi pomwe anagona amayi awo, kumunsi kwa phiri, asawaike kutali.

Ndati ndipita m'mawa.

Akuitananso